Ndalakwitsa pati? Funso la mole pa gulu la ophunzira ndi makolo a ku Dedza ndi Ntcheu

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Pepani kulemba usiku chonchi. Lero atibwezera mapepala a mayeso a Chemistry a pakati pa teremu ndipo mtima sukukhazikika. Funso linali lakuti, mu magalamu 8 a mpweya wa okosijeni muli mamole angati? Ine ndinatenga 8 n'kugawa ndi 16, poti pa periodic table okosijeni ndi 16, ndinapeza 0.5. Andithetha, n'kulemba 0.25 pambali ndi cholembera chofiira, osafotokoza kanthu. Chifikireni kunyumba ndakhala ndikuyang'ana m'kope, fomyula ndi yomweyo. Ndalakwitsa pati? Ndili Fomu 3 kuno ku Lobi.

Kondwani: Mchemwali, mpweya wa okosijeni ndi O2, osati O. Ndiye ndi 16 kawiri, 32. Gawa 8 ndi 32 upeza 0.25. Ungoloweza katrayango kaja, mass pamwamba, moles ndi molar mass pansi. Ukaphimba chomwe ukufuna ndi chala, chotsalacho ndiye fomyula. Ine ndi mmene ndikukonzekerera MSCE.

Tadala: Katrayangoko ndili nako achimwene, ndipo ndi komwe ndinagwiritsa ntchito. Koma sikanandiuze kuti ndiike 32.

Aphunzitsi Ngozo: Mwana wanga Tadala, wanena chinthu chachikulu mosazindikira. Kondwani wayankha bwino, koma ndikufunse kaye usanagone. Munthu atakuimitsa pa msewu n'kukufunsa kuti mole n'chiyani, osatchula fomyula, ungamuuze chiyani?

Tadala: Sala, zoona zake sindikudziwa. Ndimangodziwa kuti ndi mass kugawa ndi molar mass.

Chifundo: Ife a madamu athu anatiuza kuti mole ili ngati ndowa ya kachewere pa Lizulu. Sugula mbatata imodziimodzi, umagula pa ndowa.

Aphunzitsi Ngozo: Fanizo limenelo ndinaligwiritsapo ntchito inenso zaka zomwe phunziroli linali mkati mwa Physical Science, koma ndinadzalisiya chifukwa limasokeretsa ana. Ndowa imayeza malo amene zinthu zatenga. Mbatata zikakhala zikuluzikulu zimalowa zochepa, zikakhala zing'onozing'ono zimalowa zambiri, ndowa ndi yomweyo. Mole si choncho. Mole ndi chiwerengero. Mnzake weniweni ndi dazeni. Dazeni ya mazira ndi 12, dazeni ya makasu ndi 12, ngakhale makasuwo sungawanyamule ndi dzanja limodzi. Mole ya chinthu chilichonse ndi tinthu 6.02 × 10^23. Ndiye ukamva kuti mole, funso loyamba likhale lakuti, mole ya chiyani? Ya maatomu kapena ya mamolecule? Tadala, 0.5 wako uja si nambala yotola. Mu magalamu 8 amenewo mulidi mamole 0.5 a maatomu a okosijeni. Koma mu mpweya maatomuwa amayenda awiriawiri, ogwirana, ndiye magulu a awiriawiriwo ndi theka la 0.5. Funso linafunsa za mpweya, iwe unawerenga maatomu.

Tadala: Ndiye kuti zili ngati andifunsa mapeyala a nsapato ine n'kuwerenga nsapato imodziimodzi?

Aphunzitsi Ngozo: Ndi zomwezo. Fanizo limenelo ndi lako, ulisunge.

Yamikani: Ndilowererepo pang'ono ngakhale ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndimagulitsa mu hadiweya pa Ntcheu boma. Zomwe akunena aphunzitsizi ndikuona ngati ndimazichita tsiku lililonse. Kalipentala akabwera kuti akufuna misomali 400 ya 4 inchi yokhomera denga, sindikhala pansi n'kumawerenga, mzere ungafike pa msewu. Ndinawerengapo kamodzi, ndikudziwa kuti ya mtundu umene timaodawu kilo imodzi mumakhala misomali pafupifupi 80. Ndiye ndimangoika makilo 5 pa sikelo, basi. Wina akafuna 400 ya 2 inchi, imeneyo ndi yopepuka, kilo imodzi yokha yakwana. Chiwerengero chimodzimodzi, kulemera kosiyana.

Aphunzitsi Ngozo: A Yamikani, mwaphunzitsa mutu wonse. Ndikadakhala ndidakali pa ntchito ndikadakuitanani kudzaima kutsogolo kwa kalasi ndi sikelo yanuyo. Ana inu werengani kawiri zomwe alemba akuluwa. Maatomu sitingawaone, sitingawatole ndi zala, koma zinthu zikamasakanikirana n'kusandulika zimatero potsata chiwerengero, atomu iyi ndi maatomu awiri awo. Ife chomwe tili nacho m'manja ndi sikelo. Mole ndiwo mlatho wochoka pa sikelo kupita pa chiwerengero. Molar mass ija mumailoweza ndi yofanana ndi zomwe a Yamikani anasunga m'mutu, kuti misomali yakutiyakuti imalemera mwakuti. Kaboni mole imodzi ndi magalamu 12, madzi 18, mchere wa m'ndiwo 58.5, shuga wa mu tiyi 342. Milu inayi yosiyana kukula, koma uliwonse uli ndi chiwerengero chofanana.

Chifundo: Koma sala nambala imeneyi ndi yaikulu bwanji kwenikweni? Ine ndimangoilemba.

Madamu Nambewe: Chifundo, tunga madzi pa supuni yaikulu ya m'khitchini, uwonjezere pang'ono. Amenewo ndi magalamu pafupifupi 18, mole imodzi ya madzi, ungawameze kamodzi. Tsono tinene kuti anthu onse a pa dziko lapansi, omwe anakwana 8 biliyoni mu 2022, akhala pansi kuwerenga mamolecule a m'supunimo, aliyense kamodzi pa sekondi, usana ndi usiku osagona. Angamalize patatha zaka zoposa 2 miliyoni. Uyese wekha pa kalikuleta: gawa 6.02 × 10^23 ndi 8 × 10^9, zomwe upezezo ugawenso ndi masekondi a m'chaka, omwe ndi pafupifupi 3.15 × 10^7.

Chifundo: Ndapeza 2.4 miliyoni. Mu supuni imodzi yokha, madamu?

Madamu Nambewe: Imodzi yokha.

Tadala: Nanga n'chifukwa chiyani sanasankhe nambala yosavuta, ngati 1 wokhala ndi maziro 24? Avogadro anaipeza bwanji nambala yokhotakhota chonchi?

Aphunzitsi Ngozo: Avogadro mwiniwakeyo sanaione n'komwe nambalayi. Amedeo Avogadro anali wa ku Turin ku Italy, anayamba ndi maphunziro a zamalamulo asanatembenukire ku sayansi. Mu 1811 ananena kuti mipweya iwiri yosiyana ikadzaza malo ofanana, pa kutentha kofanana ndi kupanikizika kofanana, ndiye kuti ili ndi mamolecule ofanana chiwerengero. Ananenanso kuti mipweya ngati okosijeni imayenda maatomu awiriawiri, chinthu chomwe chakupunthwitsa iwe lero. Anzake ambiri sanamumvere. Anamwalira mu 1856, ndipo ndi pa msonkhano wa ku Karlsruhe mu 1860 pomwe Stanislao Cannizzaro anawatsegula maso akatswiri kuti mkulu uja ankanena zoona. Dzina lakuti nambala ya Avogadro analipereka ndi Jean Perrin wa ku France mu 1909, pomulemekeza. Liwu lakuti mole linachokera kwa Wilhelm Ostwald wa ku Germany, pofupikitsa liwu la molecule la m'chinenero chawo.

Zoti ndi yokhotakhota, n'chifukwa sanayambire pa nambala, anayambira pa sikelo. Anati titenge magalamu 12 a kaboni-12, maatomu amene ali mmenemo ndiye mole. Anasankha choncho kuti nambala ya pa periodic table ikhale yomweyo ndi magalamu a mole imodzi, usavutike kusintha. Chiwerengero chinangotuluka mmene chinatulukiramo. Mole inalowa m'gulu la miyeso ikuluikulu ya SI mu 1971, ndipo kuyambira pa 20 May 2019 anaikhomera kuti ndi 6.02214076 × 10^23 ndendende. M'mabuku ambiri a m'masukulu mwathu mukadali tanthauzo lakale la kaboni-12. Pa mayeso lembani lomwe lili m'buku lanu, kawerengedwe sikasintha.

Bambo Phiri: Zikomo aphunzitsi. Ine ndine kholo chabe, mwana wanga ndi amene anandilowetsa pa gulu pano, ndimalima kachewere ndi chimanga ku Bembeke. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pali chomwe chandigwira. Pa thumba la yuriya amalemba 46% N. Alangizi anatiuza kuti ndi mphamvu yake. Kodi 46 ameneyu akugwirizana ndi zomwe mukukambazi, kapena ndi nambala ya kufakitale?

Madamu Nambewe: Bambo Phiri, mwafunsa funso lomwe limabwera pa mayeso, kungoti inu mwalifunsa muli m'munda. Tadala, Kondwani, Chifundo, yuriya ndi CO(NH2)2. Apezereni bambowa molar mass ndi gawo la nayitirojeni. Ine ndisayankhe.

Kondwani: C ndi 12, O ndi 16, N ndi 14, H awiri ndi 2. Zonse 44. 14 pa 44 ndi 31.8%. Sizikugwirizana ndi 46 madamu.

Tadala: Achimwene, 2 wa kunja kwa mabulaketi uja akuchulukitsa zonse za mkati. NH2 alipo awiri. Ndiye N ndi 28, H ndi 4. 12 + 16 + 28 + 4 = 60. 28 pa 60 ndapeza 46.7%.

Kondwani: Eya, ndaona. Ndinathamanga.

Madamu Nambewe: Tadala wakhoza. Bambo Phiri, nambalayo si yopeka. Pa magalamu 60 alionse a yuriya, 28 ndi nayitirojeni, chakudya chomwe chimabiriwiritsa chimanga chanu. Yuriya woyera kotheratu ndi 46.7, wa m'thumba amalemba 46 chifukwa simulephera kukhala tina ndi tina pang'ono. Thumba la makilo 50 ndiye kuti mwagula nayitirojeni makilo 23. Makilo 27 otsalawo ndi kaboni, okosijeni ndi hayidirojeni zomwe zamunyamula.

Bambo Phiri: Ndiye CAN amene amalemba 27?

Madamu Nambewe: Thumba la makilo 50 la CAN wa 27% lili ndi nayitirojeni makilo 13.5. Kuti mufike pa 23 wa yuriya mukufunika thumba limodzi ndi magawo 7 pa 10 a lachiwiri. Sulphate of ammonia ndi 21%, makilo 10.5 pa thumba, koma iye amabweretsanso salufa. Ndiye pogula musamangoyerekeza mtengo wa thumba ndi thumba. Gawani mtengo wa yuriya ndi 23, wa CAN ndi 13.5, muone kilo ya nayitirojeni yatchipa pati. Kungoti yuriya ali ndi khalidwe lake, mukangomumwaza pamwamba dzuwa likuswa mtengo, gawo lina limathawira mumlengalenga ngati mpweya wa ammonia. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira zoboola kadzenje, kuthira n'kukwirira, nthaka ili yonyowa.

Bambo Phiri: Zaka zonsezi ndimaona ngati CAN akatsika mtengo pang'ono poyerekeza ndi yuriya ndiye kuti ndapulumutsa ndalama. Chaka chatha ndinagula matumba atatu a CAN m'malo mwa atatu a yuriya, kathiridwe komweko ka kapu yomweyo, chimanga chinayamba chikasu chisanamasule. Ndinkaimba mlandu mvula. Mawa ndikhala pansi ndi mwana wangayu tiwerengere bwinobwino tisanapite kogula.

Aphunzitsi Ngozo: A Phiri, poti mwayamba kuwerenga matumba, dziwaninso ichi. Pa feteleza wokulitsa uja tinazolowera wa 23:21:0+4S, nambala yoyamba ndi nayitirojeni weniweni, koma 21 si fosifolasi weniweni. Amamuwerengera ngati P2O5, chizolowezi chakale cha opanga feteleza. P2O5 molar mass yake ndi 142, ndipo fosifolasi mmenemo ndi 62. Ndiye pa makilo 10.5 amene thumba likulonjeza, fosifolasi weniweni ndi makilo 4.6 basi. Sikuti akukuberani, maiko ambiri amalemba choncho, koma ndi bwino kudziwa.

Kondwani: Sala ndi madamu, poti muli pompano ndiponyeko langa. Ili ndi la m'mapepala akale omwe tikukonzekera nawo. Atentha magalamu 25 a calcium carbonate mpaka yonse yasweka, CaCO3 → CaO + CO2. Akufuna kuchuluka kwa mpweya wa CO2 pa rtp, kutentha ndi kupanikizika kwa m'chipinda. Ine ndinati poti equation ikuti 1 kwa 1, CO2 ndi magalamu 25, kenako 25 kugawa 44 kuchulukitsa 24, ndapeza 13.6 dm3, ndiwo malita 13.6. Kumbuyo kwa pepala yankho ndi 6.

Aphunzitsi Ngozo: Kondwani, taima uganize ngati munthu wootcha laimu. Waika mwala wa magalamu 25 pa moto. Iwe ukuti mpweya wotuluka ndi magalamu 25. Nanga laimu wotsala pansiyo wachokera kuti?

Kondwani: Ndiye kuti ndapanga zinthu zoposa zomwe ndinaikamo.

Aphunzitsi Ngozo: Eya. Manambala a kutsogolo kwa equation sanena za magalamu, amanena za chiwerengero. Msomali umodzi wa 4 inchi pa msomali umodzi wa 2 inchi sizitanthauza kilo pa kilo. Njira ndi yomweyo nthawi zonse: choka pa sikelo upite ku mamole, uwoloke equation uli m'mamole, ukafika tsidya ubwerere ku chomwe akufunsa. CaCO3 ndi 40 + 12 + 48, 100. Magalamu 25 ndi mamole 0.25. Tsidya linalo CO2 ndi mamole 0.25. Mole imodzi ya mpweya uliwonse pa rtp imatenga 24 dm3, maganizo a Avogadro aja a 1811, ndiye 0.25 × 24 ndi 6 dm3. Ukafuna kudzitsimikizira, CO2 ndi 0.25 × 44, magalamu 11. CaO ndi 0.25 × 56, magalamu 14. Phatikiza 11 ndi 14.

Kondwani: 25. Zabwerera pomwe zinayambira.

Chifundo: Sala nanga 22.4 timamugwiritsa ntchito liti? Ine ndimawasokoneza awiriwa.

Madamu Nambewe: 22.4 ndi pa stp, pomwe kutentha ndi 0 °C. 24 ndi pa rtp, kutentha kwa m'chipinda. Mpweya ukatenthedwa umafutukuka, ndiye nambala yaikulu ndi ya kotentherapo. Uziwerenga funso mpaka kumapeto, amalemba.

Kondwani: Komabe sala, ndisabise, ine katrayango sindikasiya. Pa mayeso nthawi imathamanga, munthu sungayambe kuganiza za misomali. A MANEB akufuna yankho.

Aphunzitsi Ngozo: Katrayango kanali m'thumba mwako pomwe umapeza 13.6, ndipo kanali m'kope la Tadala pomwe amapeza 0.5. Sikanakuchenjezeni. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ndaona ana anzeru akulephera funso losavuta chifukwa chakuti wolemba mayeso wangolitembenuza pang'ono. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana wotereyo amachoka akukhulupirira kuti alibe mutu wa sayansi, chonsecho palibe anamuuzapo kuti akungowerenga tinthu.

Madamu Nambewe: Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu koma ndimuikire kumbuyo pang'ono Kondwani, komanso anzanga amene tikadali m'kalasi. Ine Fomu 3 yanga muli ana oposa 90, mabuku a Chemistry alipo 11, piriyodi ndi mphindi 40 ndipo silabasi ndi yaitali. Tsiku lomwe ndimayamba mutu umenewu ndimafunitsitsa nditafika pa desiki lililonse, koma sizitheka. Katrayango timakapereka kuti mwana wa kumbuyo kwenikweni asatuluke chimanjamanja. Cholakwa ndi pomwe tikuperekera katrayango tsiku loyamba, tanthauzo lisanalowe. Kondwani, kasunge, koma usanakagwire uzilemba mawu awiri pambali pa nambala iliyonse: mamole a chiyani, magalamu a chiyani. Zimatenga masekondi asanu.

Aphunzitsi Ngozo: Pamenepo sinditsutsa, madamu. Ana 90 si masewera. Ine ndinkadandaula ndi 60.

Anesi Nangondo: Moni nonse, ndangotuluka kumene ku ntchito ndapeza mauthenga ambirimbiri. Ine ndine namwino pa chipatala china chaching'ono kuno ku Ntcheu. Ana inu musaganize kuti mole imathera pa MSCE. Paketi ya ORS imene timapatsa mwana wotsegula m'mimba, yosungunula mu lita imodzi, ili ndi glucose magalamu 13.5. Molar mass ya glucose ndi 180. Gawani muone, ndi mamole 0.075. Sodium wa m'paketi yomweyo, mukaphatikiza wochokera ku mchere ndi wochokera ku citrate, ndi mamole 0.075 pa lita. Pa sikelo shuga ndi wambiri kuposa mchere, koma pa chiwerengero glucose ndi sodium akufanana, ndipo m'matumbo amalowa limodzi, madzi n'kumawatsatira. N'chifukwa chake timakakamira kuti madzi akhale muyeso womwe walembedwa pa paketi. Ndinalandirapo mwana amene agogo ake, pofuna kuti mankhwala agwire msanga, anasungunula paketi ya lita mu kapu imodzi. Anachita mwachikondi, koma mwanayo anafika ali wofooka kuposa mmene analili, mchere unachuluka. Anachira, koma usiku umenewo sindiuiwala.

Tadala: Anesi, ndiye kuti mamole anali omwewo koma madzi ndi amene anachepa?

Anesi Nangondo: Ndi concentration imeneyo mwana wanga, mamole kugawa ndi kuchuluka kwa madzi. Kapu ikakhala ya 250 cm3, ndiye kuti mphamvu yakwera kanayi. Diripi ya normal saline imene mumaiona itapachikidwa ija amalemba 0.9%, ndiwo magalamu 9 a mchere mu lita. Gawa 9 ndi 58.5, upeza 0.154 mol/dm3. Nambala imeneyo anaisankha kuti igwirizane ndi madzi a m'thupi.

Chifundo: Pa concentration pomwepo ndi pomwe ine ndimafera. Kusukulu kwathu kulibe labotale. Titration, kuja kodontheza asidi mu alkali kuti upeze concentration, timangoijambula pa bolodi, burette yodonthezerayo ndinaiona kamodzi titapita kusukulu ina, ndipo sanatilole kuigwira kuopa kuti tiswa. Chonsecho chaka chamawa pa practical adzatipatsa m'manja. Zimandiwawa chifukwa amene tikupikisana nawo akhala akuchita zimenezi kuyambira Fomu 1.

Madamu Nambewe: Dandaulo lako ndi loona Chifundo, ndipo si iwe wekha, masukulu ambiri oyendera ali momwemo. Tiyeni tigawe vutoli pawiri. Mbali ya masamu ungaidziwe ngakhale pansi pa mtengo. Yesa ili. 25 cm3 ya NaOH ya 0.1 mol/dm3 yathetsedwa mphamvu ndi 20 cm3 ya HCl. Peza concentration ya asidiyo.

Chifundo: Mamole a NaOH ndi 0.1 × 25 = 2.5

Madamu Nambewe: Ima pomwepo. NaOH mole imodzi ndi magalamu 40. Mamole 2.5 ndi magalamu 100. Angakwane mu timadzi ta masupuni awiri osadzaza?

Chifundo: Ayi madamu. Ndaiwala kusintha cm3 kupita ku dm3. 25 kugawa 1000 ndi 0.025. Mamole ndi 0.0025. HCl ndi NaOH ndi 1 kwa 1, ndiye asidi ndi 0.0025. Kugawa ndi 0.020 ndapeza 0.125 mol/dm3.

Madamu Nambewe: Wakhoza. Ndipo taona kuti yankholo ndi lomveka: asidi anafunika wochepa kuposa NaOH, ndiye ayenera kukhala wamphamvu kuposa 0.1. Tsono asidiyo akhale H2SO4, manambala ena onse omwewo.

Chifundo: 0.125 yomweyo?

Tadala: Ayi Chifundo, lemba kaye equation. H2SO4 + 2NaOH → Na2SO4 + 2H2O. Asidi mmodzi akuthana ndi NaOH awiri, ndiye mamole a asidi ndi theka, 0.00125. Kugawa ndi 0.020 ndi 0.0625.

Aphunzitsi Ngozo: Mwana amene analowa pano akuti sadziwa kuti mole n'chiyani ndi yemweyu? Wandisangalatsa Tadala.

Za mbali ya manja, Chifundo, burette sitingaipange, koma dzanja tingalizoloweretse. Ndili pa ntchito kusukulu ina yopanda zipangizo tinkagwiritsa ntchito sirinji yatsopano ya 10 cm3 yopanda singano, viniga wa m'golosale, ndi madzi a chidede owiritsa m'malo mwa indicator. Chidede mu asidi chimakhala chofiira, mukathira za alkali chimatembenukira kobiriwira. Alkali wake tinkatenga soda wa therere, nthawi zina chidulo chomwe amayi amatcheza ku phulusa. Manambala ake sakhala olondola ngati a mu labotale, koma mwana amaphunzira kudontheza dontho limodzilimodzi, kugwedeza botolo, ndi kuima pomwe mtundu wangosintha. Ana ambiri pa practical amalephera pamenepo, amatsegula mpopi wonse n'kupitirira.

Palinso china chomwe ana anga ankachikonda. Soda ndi NaHCO3, molar mass 84. Yezani magalamu 4.2, ndiwo mamole 0.05, muike mu baluni. M'botolo la pulasitiki thirani viniga 100 cm3, wochuluka dala kuti soda athe yense. Vekani baluniyo kukamwa kwa botolo, muimike kuti soda agwere mkati. Musanatero, aliyense alembe pa pepala kuti mpweya utuluka wochuluka bwanji. 0.05 × 24 ndi 1.2 dm3. Baluni imafufuma kufika cha pamenepo, kucheperako pang'ono poti mpweya wina umatsalira m'madzi ndipo baluniyo imaupanikiza. Nkhope ya mwana akaona kuti nambala yomwe analemba yaoneka ndi maso, imeneyo ndimaikumbukira mpaka lero.

Yamikani: Sikelo ya hadiweya singayeze magalamu 4.2, koma ndili ndi ina yaing'ono ya mabatire yomwe ndimayezera utoto wa ufa. Imawerenga mpaka 0.1. Ngati mungakonze tsiku ndibwera nayo, ndi misomali yomwe.

Bambo Phiri: Ine ndibweretsa thumba lopanda kanthu la yuriya ndi la CAN kuti ana aone zolembedwazo ndi maso. Komanso ndifunse, aphunzitsi, za makala. Mwana wanga anandiuza kuti kilo imodzi ya makala imatulutsa mpweya wolemera kuposa makalawo. Ndinamutsutsa.

Aphunzitsi Ngozo: Mwanayo akunena zoona a Phiri. Atomu iliyonse ya kaboni ikamapsa imatenga maatomu awiri a okosijeni kuchokera mu mpweya wotizungulira. 12 amasanduka 44. Tikayerekeza kuti kilo yonseyo ndi kaboni, ndi mamole 83, ndipo CO2 wake ndi makilo pafupifupi 3.7, wodzaza migolo 10 ya malita 200. Ndipo poti June wayandikira, kuzizira kwa ku Dedza timakudziwa, ndinene ichi: okosijeni yense uja amachokera m'chipinda momwe mwaika mbaula. Mukatseka zitseko ndi mawindo okosijeni amachepa, makala amayamba kutulutsa carbon monoxide, wopanda fungo, ndipo anthu amafa ali m'tulo. Mbaula izituluka panja musanagone.

Anesi Nangondo: Zimenezo zibwerezedwe ndithu. Nyengo yozizira timawalandira otere.

Madamu Nambewe: Tiyeni tipange Loweruka likubwerali, 9 koloko m'mawa. Ndipempha chipinda kwa ahedi athu ndipo ndikuuzani malo Lachinayi, ndiyesetsa kuti pakhale pofikika kwa a ku Lobi ndi a ku Ntcheu omwe. Masirinji atsopano ndigula ku famase. Chifundo, chidede ubweretse ndiwe. Tadala, ili ndi logonera: magalamu 5.3 a Na2CO3 asungunulidwa kupanga 250 cm3. Concentration yake?

Tadala: Na awiri 46, C 12, O atatu 48, zonse 106. 5.3 kugawa 106 ndi mamole 0.05 a Na2CO3. 250 cm3 ndi 0.25 dm3. 0.05 kugawa 0.25 ndi 0.2.

Madamu Nambewe: 0.2 chiyani?

Tadala: 0.2 mol/dm3, madamu. Ndipo akafunsa za sodium yekha ndi 0.4, poti alipo awiri.

Kondwani: Madamu, Loweruka a Fomu 4 tikuloledwa? Tilipo anayi kuno ku Kampepuza, tibwera ndi mapepala akale.

Madamu Nambewe: Bwerani nonse. Aliyense atenge kalikuleta ndi botolo la pulasitiki lotsuka bwino.